Kaoneredwe ka Filimu Yofuna Kuiganizira Mozama

Pali mafilimu ena amene akatha munthu amangokhala duu pampando, osadziwa ngati wakondwa kapena wakhumudwa, chifukwa nkhani yathera m'malere ndipo palibe amene wamuuza kuti wolakwa ndi uyu. Ambirife tinakulira m'tinyumba toonetsera kanema, momwe mdani amadziwika kuyambira pachiyambi ndipo pamapeto amafa, choncho tikakumana ndi filimu ya mtundu winawu timafulumira kunena kuti ndi yosakoma. Komatu filimu yotere imafuna kuti woonera agwireko ntchito, ndipo ntchitoyo imaphunzirika.

Choyamba, konzekani kuionera kawiri. Ulendo woyamba ikani foni patali, musaimitse filimuyo ndiponso musafunse mnzanu amene anaionera kale kuti zitha bwanji. Ngati n'kotheka, pezani filimu yomwe osewera akuyankhula okha ndipo mawu omasulira alembedwa m'munsi. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amayankhulira pamwamba pa osewera amasangalatsa ndithu, koma womasulirayo amakhala atakuganizirani kale, ndipo pamene wokonza filimu anasiya chete mwadala iye amathirapo nthabwala. Ikatha, lembani funso limodzi lomwe likukusowetsani mtendere.

Ulendo wachiwiri nkhani mukuidziwa kale, ndiye maso anu akhale pa zimene kamera yasankha kukuonetsani, makamaka pamene chithunzi chimodzi chikulumikizana ndi chinzake. Cha m'ma 1920, Lev Kuleshov, wokonza mafilimu wa ku Russia, anatenga chithunzi cha nkhope ya wosewera wotchuka Ivan Mosjoukine, nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni, n'kuchilumikiza ndi zithunzi zosiyanasiyana monga mbale ya chakudya ndi bokosi la maliro. Malinga ndi zimene anzake a Kuleshov anafotokoza, oonera anatama wosewerayo kuti waonetsa bwino maganizo a munthu woyang'ana chakudya komanso chisoni cha wofedwa, chonsecho nkhope inali imodzimodziyo. Tanthauzo analiika ndi oonerawo. Choncho mukamva kuti mtima wanu wayamba kudana ndi munthu wina m'filimu, bwezani pang'ono ndipo muone chimene chinaonetsedwa nkhope yake isanaoneke. Nthawi zina mudzapeza kuti munthuyo sanachite kanthu, anangomuika moyandikana ndi mwana wolira.

Kenako dzifunseni kuti akukamba nkhaniyi ndani, ndipo apindulanji mukamukhulupirira. Filimu ya ku Japan yotchedwa Rashomon, yomwe Akira Kurosawa anatulutsa mu 1950 ndipo inapata mphoto yaikulu pa chionetsero cha mafilimu ku Venice mu 1951, ndi sukulu yabwino pa mfundoyi. Mwamuna wankhondo wafera m'nkhalango, ndipo imfa yake ikufotokozedwa m'njira zinayi zotsutsana: ya chigawenga, ya mkazi wake, ya malemuyo poyankhula kudzera mwa wamizimu, ndi ya wodula nkhuni. Chodabwitsa n'chakuti atatu oyambawo sakukana mlandu, aliyense akuti imfayo inachokera m'manja mwake, chifukwa chimene akuteteza ndi ulemu wake. Pa bwalo la milandu mboni zimayankhula moyang'ana kamera, ndipo woweruza saoneka ngakhale kumveka mawu, zomwe zikutanthauza kuti pampando wa woweruzayo mwakhala ndinu. Amene anakhalapo pa bwalo la amfumu pozenga mlandu wa malire a munda sangaone chachilendo apa. Mukazindikira zimenezi, mumasiya kukhulupirira kuti chilichonse chooneka pa kanema chinachitikadi m'nkhanimo, popeza chithunzi nachonso chikhoza kukhala bodza la amene akufotokoza.

Samalaninso ndi kuseka kwanu. Mu 2017, Rungano Nyoni, yemwe anabadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, anatulutsa I Am Not a Witch, nkhani ya kamtsikana kotchedwa Shula komwe akukanamizira ufiti n'kukatumiza kumalo osungirako amayi oganiziridwa kuti ndi mfiti. Mayi aliyense wamangiriridwa kansalu koyera katalitali kumsana kuti asauluke, ndipo Shula akuuzidwa kuti akadula kansaluko asanduka mbuzi. Muli zambiri zoseketsa, koma muli alendo odzaona malo amene akujambula amayiwo ngati nyama za kumalo osungirako zinyama, ndipo woonera watcheru amafika podzifunsa ngati iyeyo, poseka ali pampando, akusiyana nawo alendowo. Pamalo potere imitsani filimu ndipo muyankhe moona mtima kuti mukuseka ndani. Onaninso chinthu chimene chikubwerezedwabwerezedwa, monga kansalu kaja, ndipo mutsatire kutalika kwake, amene wakagwira, ndi nthawi imene kakuoneka kopanda munthu.

Makutu nawo ali ndi ntchito. Yesani kuonera gawo limodzi mutatsitsiratu mawu, kenako mulibwereze mawu alipo, ndipo mudzaona kuchuluka kwa misozi imene imabwera ndi nyimbo chabe.

Mukatero, kambiranani ndi anzanu awiri kapena atatu musanawerenge zimene akatswiri analemba pa intaneti, chifukwa maganizo a katswiri akalowa m'mutu, anuanu amathawa. Pokambiranapo ikani lamulo limodzi lokha: aliyense wonena tanthauzo la filimuyo atchule malo enieni pamene waona zimenezo, kaya ndi mawu, chovala kapena pamene kamera inakana kuyang'ana. Lamuloli limathandiza kuti macheza asasanduke mpikisano wa amene amayankhula mokweza, komanso limaletsa chizolowezi china chotopetsa, chofuna tanthauzo lobisika ngakhale mu nkhuku yongodutsa pabwalo. Simukuyenera kugwirizana pamapeto, ndipo funso lija munalemba mutaionera koyamba likhoza kutsala losayankhidwa.

Mukachita zimenezi ndi mafilimu atatu kapena anayi, bwererani ku filimu wamba imene munkaikonda kale, kaya ya ku Nigeria kapena ya karate ija, ndipo muwerenge kuti ndi kangati nyimbo ikukuuzani kuti mdani wafika iye asanatsegule n'komwe pakamwa.