Khanda likachita chidikwidikwi: zoyenera kuchita ndi zoyenera kupewa

Chidikwidikwi chimayambira pa mnofu umene uli pansi pa mapapo, wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Mnofuwu ukakokeka modzidzimuka, njira ya mpweya pakhosi imatsekeka mwachangu, n'kumveka kaphokoso kaja. Kwa khanda, nthawi zambiri vuto ndi kamimba kodzaza kwambiri, kaya ndi mkaka kaya ndi mpweya umene lameza poyamwa, n'kumakankha mnofuwo. Ana ena amayamba adakali m'mimba mwa mayi, ndipo chimavutitsa kwambiri woonerera kuposa mwana mwiniwake. Kawirikawiri chimatha chokha pa mphindi 5 mpaka 10.

Chikayamba ali pabere, muchotseni kaye. Muimikeni pachifuwa panu, chibwano chake chili paphewa, dzanja limodzi litagwira kumutu ndi khosi, linalo muzimusisita kapena kumugogoda pang'onopang'ono pamsana kuti ageye. Yalani kansalu paphewa chifukwa akhoza kubweza mkaka pang'ono. Akhozanso kukhala pamwendo panu atapendekera kutsogolo, inu mutachirikiza chifuwa ndi chibwano, khosi musalifinye. Akageya, dikirani mphindi zingapo n'kumubwezera kubere. Kuyamwa modekha nakonso kumachithetsa.

Chikamabwera pafupifupi nthawi iliyonse akayamwa, onani kagwiridwe ka bere. Kamwa likhale lotsegula kwambiri, mlomo wam'munsi utapindikira kunja, chibwano chikukhudza bere, ndipo alowetse mbali yaikulu ya pakuda pozungulira nsonga ya bere, osati nsonga yokha. Mukamva kulira kwa "tsa tsa" poyamwa, mpweya ukulowa. Ngati bere ladzaza mpaka kuuma, kamani pang'ono musanamupatse kuti mkaka usamuthamangire. Musadikire kuti alire ndi njala, chifukwa mwana wolira amameza mpweya asanayambe n'kuyamwa komwe. Mugeyetseni posintha bere. Wa botolo ageye akamwa mamililita 60 mpaka 90, botolo lipendeke kuti nsonga yake izikhala yodzaza mkaka, ndipo mukalizondotsa mkaka uzidontha, osati kuchucha.

Akamaliza, akhale choimirira m'manja mwanu mphindi 20 mpaka 30. Kumumanga chitenje mothinitsa atangoyamwa kumene, n'kuthamangira minibasi ya ku Limbe, n'kuitana chidikwidikwi ndi masanzi omwe. Pomugoneka, agone chagada, ngakhale chisanathe.

Kaulusi konyowetsa ndi malovu kamene agogo amamata pamphumi sikachiza kanthu, chidikwidikwi chimangotha pa nthawi yake, koma n'kosapwetekanso bola kasalowe m'maso kapena m'mphuno. Zoopsa ndi zolowa m'kamwa. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi, shuga, tiyi, gripe water kapena mankhwala azitsamba. Madzi amadzaza kamimba popanda chakudya ndipo akhoza kumubweretsera kutsekula m'mimba. Uchi ndi woletsedwa mpaka akwanitse chaka. Musamudzidzimutse, musamutseke mphuno, musakoke lilime, musakhudze liwombo, ndipo musamugwedeze mwamphamvu: kugwedeza kumavulaza ubongo wa khanda. Wopitirira miyezi 6 akhoza kumwa madzi owiritsa ndi ozizira pang'ono, pakapu.

M'nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, onaninso thewera. Ngati lanyowa lisintheni, mumufunditse bwino kuti akhazikike.

Mukapita kusikelo, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni, auzeni anamwino ngati chidikwidikwi chimatenga maola, chimamulepheretsa kuyamwa kapena kugona, amadzipinda msana ndi kulira akayamwa, kapena sakukwera pa sikelo. Izi zikhoza kusonyeza kuti mkaka ukubwerera kukhosi. Koma milomo ikachita bii, akamabanika, akakana bere kotheratu, akasanza zobiriwira kapena mothovoka, akalefuka, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38 asanakwane miyezi 3, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre nthawi yomweyo, ngakhale usiku.