Dzanzi la m'manja usiku: kavalidwe ka splint

Inu amene mumadzuka 2 koloko usiku dzanja lili dzanzi, mpaka kumalikutumula ngati mwagwira poto wamoto, ndikulembera inuyo. Ine ndimaluka tsitsi ku Mpondabwino ku Zomba, zimenezi zandisowetsapo tulo. Achipatala amati carpal tunnel syndrome, mtsempha wa median umapanikizika pamene timavala wotchi paja. Muonetsetse zala zake: chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chotsatiracho. Kachala kakang'ono sikachita nawo ayi.

Chimene chinandithandiza ndi splint, chansalu chija chokhala ndi kachitsulo mkati, fufuzani ku famase. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuti dzanja lisapindike mukagona, poti ambirife timagona titalipinda pansi pa pilo ndiye mtsempha uja umafinyika usiku onse.

Musanavale solorani kaye kachitsuloko muone. Nthawi zambiri kamabwera katapindikira m'mwamba, kawongoleni ndi manja kamafewa, dzanja ndi mkono zikhale mzere umodzi. Kachitsulo kakhale mbali ya chikhatho osati kuseri. Malamba musakoke kwambiri, chala chimodzi chizilowa pansi pa lamba, zala zizisuntha bwinobwino. Ine tsiku loyamba ndinamanga zolimba poganiza kuti ndiye ndichira msanga, m'mawa zala zinali zitatupa, mizere ya malamba ili pakhungu, chipeso osachigwira.

Valani usiku uliwonse osadumphitsa, ndipo musataye mtima pa sabata yoyamba chifukwa zimatha kutenga mpaka masabata 6 kuti muone kusintha. Masana vulani dzanja lizisuntha lisaume, kungoti muzipumako pakati pa ntchito. Pochapa chotsani kachitsulo, ndipo muchape m'mawa, mu Juni kuno ku Zomba zinthu siziuma msanga.

Amayi oyembekezera zimawachitikira kwambiri, ambiri zimatha akachira. Amene muli ndi shuga, chithokomiro kapena nyamakazi uzani adokotala, zimayendera limodzi. Koma ngati dzanzi silikuchoka ngakhale masana, makapu akungokupulumukani, kapena kamnofu ka pansi pa chala chachikulu kakuphwa, chonde musadikire masabata 6 aja, splint payokha sikwanira. Pitani ku chipatala cha Zomba Central akakuoneni, matendawa ali ndi jakisoni wake komanso opaleshoni yaing'ono yomasula mtsemphawo.