Chidede ndi chidulo: kuphunzitsa ma acid ndi ma base ana ali kunyumba

Aphunzitsi anzanga a sayansi kuno ku Zomba, ana akakhala kunyumba musadandaule za labotale. Khitchini ya amayi awo ikukwanira.

Auzeni aviike chidede m'madzi otentha, asefe, agawe m'matambula atatu oonekera mkati. M'yoyamba afinyiremo ndimu: madzi amafiira kwambiri. M'yachiwiri athiremo chidulo, chomwe chija timaphikira therere, aone mtundu ukusintha n'kuyamba kubiriwira. Yachitatu asaikhudze, ndi yoyerekezera. Ndimu ndiye acid, chidulo ndiye base. Basi, acid ndi base aziona ndi maso awo. Ajambule, atumize pagulu la WhatsApp.

Vidiyo yaitali ayi, imadya bandulo. Komanso foni nthawi zambiri ndi ya kholo, ndipo masana imakhala ili kumsika. Ine ndimatumiza madzulo, mawu a mphindi 2 ndi chithunzi chimodzi.

Inunso eni ake musakhale chete. Mukapeza intaneti yabwino, koperani zoyeserera sayansi pa kompyuta zotchedwa PhET, zopangidwa ku University of Colorado Boulder. N'zaulere, ndipo mukazisunga pa kompyuta zimagwira ngakhale popanda intaneti. Yambani ndi ya pH Scale, yoyezera ngati chinthu ndi acid kapena base, muiseweretse nokha kaye madzulo amodzi musanaitumize kwa ana.