Nkhani ikanunkha ku nyumba ya boma: zoyenera kuchita inu ogwira ntchito pafupi ndi Bwana

Ndikulembera inu amene mumagwira ntchito pafupi ndi mtsogoleri wa dziko: alangizi, aneneri, alembi, osunga mafayilo, ndi inu omwe mumalemba mayina a alendo pa geti la Sanjika. Ine ndinakalambira pa mabenchi a khoti la ku Chichiri, kope m'manja, ndikulemba nkhani za milandu. Anthu amene ndinkawaona akutuluka thukuta poyankha mafunso a maloya anali ogwira ntchito ngati inuyo.

Musanachite china chilichonse, werengani gawo 91 la malamulo aakulu a dziko lino. Limati munthu amene ali pa mpando wa Pulezidenti sangazengedwe mlandu wa upandu m'khoti lililonse pa nthawi imene akulamulira. Chitetezo chimenechi n'cha munthu mmodzi basi. Mkulu wa ogwira ntchito ku nyumba ya boma sichimukhudza, mneneri sichimukhudza, ngakhale wachiwiri kwa Pulezidenti amene. Malemu a Saulos Chilima anamangidwa ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB mu Novembala 2022 ali pa udindo, ngakhale kuti mlanduwo unadzathetsedwa mu Meyi 2024. Ku America, pa nkhani ya Watergate, yothyola ofesi ya chipani chotsutsa ndi kubisa za kuthyolako, Pulezidenti Richard Nixon anatula pansi udindo mu Ogasiti 1974 ndipo amene anamulowa m'malo, Gerald Ford, anamukhululukira. Nixon sanagoneko m'ndende. Koma H. R. Haldeman, amene anali mkulu wa ogwira ntchito ku White House, anakaseweza miyezi 18. Mukamvetsa zimenezi, zotsatirazi sizikuvutani.

Tsiku loyamba, gwirani mapepala

Nkhani ikangotuluka, kaya mu nyuzipepala ya Loweruka, kaya ndi kalata yochokera ku ACB, ntchito yoyamba si kuyitanitsa atolankhani. Mkulu wa ofesi alembe memo kwa aliyense, yokhala ndi deti ndi siginecha, yoletsa kutaya, kuwotcha, kufufuta kapena kutulutsa chikalata chilichonse chokhudza nkhaniyo. Ndikati chikalata sindikunena mafayilo a chikuto chokhuthala okha. Mavaucha a malipiro, buku la alendo la pa geti, buku la maulendo a galimoto, dayale ya Bwana, maimelo, mauthenga a pa WhatsApp, zonsezi ndi umboni. Amene anatchera foni yake kuti mauthenga azifufutika okha azimitse zimenezo tsiku lomwelo. Amene akufuna kusintha foni adikire kaye. Foni yotayika sabata imene kafukufuku wayamba palibe woweruza amene amaikhulupirira, ngakhale itakhala kuti inabedwadi mu msika wa Limbe.

Kenako mafayilo enieniwo atsekeredwe m'kabati imodzi, kiyi akhale ndi munthu mmodzi amene dzina lake silikutchulidwa pa nkhaniyo, ndipo palembedwe mndandanda wa zonse zimene zili m'katimo. Ofufuza akabwera kudzatenga, asayinire chilichonse chimene anyamula, inu mutsale ndi mafotokope.

Ndikukhalitsa pamenepa chifukwa anthu ambiri sagwa ndi mlandu woyamba uja, amagwa ndi kubisa. Chimene chinamaliza Nixon ndi tepi ya pa 23 Juni 1972, imene anamveka akugwirizana ndi Haldeman kuti bungwe la ukazitape la CIA liuze apolisi ofufuza a FBI kuti asiye kufufuza. Pa tepi ina panapezeka kuti mphindi 18 ndi theka zafufutika, ndipo mphako imeneyo inamunyozetsa kuposa mawu alionse amene akanamveka pamenepo. Kwathu kuno, mu Febuluwale 2017, ofesi za unduna wa zaulimi ku Capital Hill zinapsa nkhani ya chimanga cha ku Zambia ili m'kamwam'kamwa. Nduna ya nthawiyo, a George Chaponda, khoti la ku Zomba linadzawapeza osalakwa mu 2018, koma funsani aliyense pa depoti ya Wenela lero, chimene akukumbukira ndi motowo.

Dziwani chimene chinachitika, kuchokera kwa Bwana amene

Apa ndi pamene ambiri amaterera. Pa nyumba ya boma aliyense amafuna kubweretsa uthenga wabwino. "Bwana, musadandaule, ndi zandale chabe izi." Mawu amenewa ndi okoma m'khutu, koma sathandiza munthu. Pafunika munthu mmodzi kapena awiri, makamaka maloya, amene akhale pansi ndi kulondoloza nkhani yonse mwa madeti: ndani anakumana ndi ndani, liti, ndalama zinachoka mu akaunti iti kupita iti, anasayina ndani. Ndipo wina alimbe mtima n'kufunsa Bwana mwini wake maso ndi maso, chitseko chotseka: kodi munthu uyu munakumana naye? Anakupatsani kanthu? Munalamula kuti malipirowa adutse? Ngati palibe amene angafunse mafunso amenewa, ofesi yonse iziyankha zinthu zimene sikuzidziwa.

Ntchito yofunsayi musaipereke kwa mneneri, kapena kwa mkulu wa chipani. Amene wamva zinsinsi zonse mawa akhoza kuyitanidwa kukachitira umboni.

Maloya asiyanitseni. Attorney General ndi mlangizi wa boma pa zamalamulo; amateteza ofesi ya Pulezidenti, osati thumba la munthu amene wakhala pa mpandowo. Ngati nkhaniyo ikukhudza Bwana payekha, monga akaunti yawo, munda wawo kapena bizinesi ya m'bale wawo, apeze loya wawo n'kumulipira ndi ndalama zawo. Inuyonso, dzina lanu likangoyamba kutchulidwa, tsikirani ku Victoria Avenue mukapeze wanu. Loya wa boma si wanu. Pa nthawi ya Bill Clinton, mu 1998, khoti la apilo ku America linagamula kuti loya wa White House, Bruce Lindsey, sangakane kuyankha mafunso pa kafukufuku wa upandu ponena kuti zimene anakambirana ndi Pulezidenti n'zachinsinsi cha loya ndi kasitomala wake. Malamulo a kumeneko ndi a kwathu amasiyana, koma chenjezo lake ndi limodzi: musanaulule za kukhosi, funsani kuti loya amene ali patsogolo panuyo akuyimira ndani.

Wotchulidwa apatuke kaye

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo pa nyumba ya boma makoswe a pa mkhate ndi ambiri: mnzawo wa Bwana wa kusukulu, wachitetezo amene wakhala nawo zaka, m'bale wa Amayi. Koma munthu amene akutchulidwa pa nkhani sangakhale pa msonkhano wokonza mayankho a nkhani yomweyo, sangasunge kiyi wa mafayilo, ndipo sangamalankhule ndi anthu amene adzakhale mboni. Ku Britain, mu Disembala 2021, mlembi wamkulu wa nduna, Simon Case, anapatsidwa ntchito yofufuza maphwando a nthawi ya Covid ku Downing Street, ku ofesi ya nduna yaikulu ya dzikolo. Zitamveka kuti mu ofesi yakenso munachitika chisangalalo chotere, anasiya ntchitoyo n'kuitenga Sue Gray. Kuno mu Juni 2022, lipoti la ACB pa nkhani ya katangale yokhudza wabizinesi Zuneth Sattar litafika, Pulezidenti wa nthawiyo a Lazarus Chakwera anayimitsa kaye pa ntchito mkulu wa ogwira ntchito ku nyumba ya boma, a Prince Kapondamgaga, n'kuchotsa mkulu wa apolisi a George Kainja.

Kalata yoyimitsa munthu ilembedwe mosamala. Inene kuti akupatuka kuti kafukufuku ayende bwino, isamuweruze. Woweruza ndi khoti.

Ofufuza musawakhudze

Ngati mungaiwale zonse, ichi chokha musaiwale. Musayimbire foni mkulu wa ACB usiku "kungofuna kumva pamene zafika". Musatume m'busa kapena mfumu ya kwawo kwa wofufuza kuti akamupatse moni. Musasamutse wapolisi amene akugwira fayilo kumutumiza ku Chitipa. Pakhale khomo limodzi lokha lolankhulirana ndi ofufuza, kudzera m'makalata, ndipo kalata iliyonse ikhale yoti ikhoza kuwerengedwa pa wailesi inu osachita manyazi. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limapatsa ACB mphamvu yoyitanitsa zikalata ndi kufunsa munthu mafunso, ndipo kutchinga ofufuza kapena kuwanamiza ndi mlandu pawokha.

Nixon atalamula kuti wofufuza wapadera wa nkhani ya Watergate, Archibald Cox, achotsedwe pa 20 Okutobala 1973, nduna ya zachilungamo ndi wachiwiri wake anatula pansi maudindo usiku womwewo, ndipo kuyambira pamenepo aphungu anayamba kukamba mwamphamvu zomuchotsa pa mpando. Ife tinaona zathu pa 6 Disembala 2022, pamene apolisi anamanga mayi Martha Chizuma, mkulu wa ACB, m'bandakucha. Anatulutsidwa tsiku lomwelo, akazembe a America ndi Britain anadzudzula, kunakhazikitsidwa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi jaji wopuma a Edward Twea, ndipo mkulu woyimira boma pa milandu, a Steven Kayuni, anachotsedwa mu Januwale 2023. Kaya analamula ndani, m'minibasi ya ku Chilomoni m'mawa umenewo zala zonse zinkaloza kumtunda, ku nyumba ya boma. Wofufuza akangokhudzidwa, anthu amati ndi Bwana, ngakhale Bwana atakhala kuti anali m'tulo.

Kwa inu aneneri

Nenani chokhacho chimene maloya atsimikiza ndi pepala. Ngati simunatsimikize, uzani atolankhani tsiku limene mudzayankhe, ndipo tsikulo likafika yankhanidi. Anyamata a nyuzipepala a ku Ginnery Corner akamakuyimbirani Lachinayi madzulo, kawirikawiri chikalatacho amakhala ali nacho kale pa desiki. Akungofuna kuona ngati munama. Mneneri wa Nixon, Ron Ziegler, poyamba anapeputsa Watergate kuti ndi kakuba wamba, ndipo mu Epulo 1973 anachita kuyima pamaso pa atolankhani omwewo n'kunena kuti zimene ankanena kale zija zisagwirenso ntchito. Ku South Africa, akuluakulu a boma anayesa kufotokoza kuti dziwe losambiramo la kunyumba ya Pulezidenti wa nthawiyo, Jacob Zuma, ku Nkandla linali lozimitsira moto. Anthu anaseka dziko lonse, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu Malichi 2016 kuti abweze zina mwa ndalama za boma zimene zinagwiritsidwa ntchito pa nyumbayo, ndipo Zuma anabweza R7.8 miliyoni.

Yankhulani m'Chichewa, osati chikalata cha Chingerezi cha masamba atatu chongoponya pa Facebook. Mayi wogulitsa tomato ku Ndirande ndiye mwini ndalama zimene zikunenedwazo. Ndiponso za chipani zisiyeni ku chipani. Mneneri wa nyumba ya boma akayamba kutukwana otsutsa, a mabungwe kapena atolankhani, ndipo anyamata a chipani n'kuyamba kuguba "kuikira kumbuyo" Bwana, aliyense amadziwa kuti yankho lenileni palibe.

Za makomiti ofufuza ndinene mwachidule. Gawo 89 limapatsa Pulezidenti mphamvu yokhazikitsa komiti yotere, ndipo imathandiza ikakhala ndi anthu odalirika, nthawi yomalizira ntchito, komanso lonjezo lakuti lipoti lidzatuluka lonse. Ikakhala yongoziziritsa mitima, anthu amazindikira msanga. Pa Cashgate, mayi Joyce Banda anachotsa nduna zawo zonse mu Okutobala 2013 ndipo kampani ya ku Britain ya Baker Tilly inafufuza mabuku a boma n'kupeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi. Koma lipoti loyamba linatuluka lopanda mayina, ndipo mkangano wa mayinawo unaphimba zina zonse zimene zinachitidwa bwino. Komiti siilowa m'malo mwa ACB, kapena komiti ya aphungu yoona za ndalama za boma. Zonsezi zimatha kuyenda nthawi imodzi, ndipo mayankho anu kwa onsewa akhale ofanana.

Pamene ochepa akulimbana ndi nkhaniyi, ena onse apitirize ntchito. Feteleza, mafuta ndi mankhwala a ku Queens sizidikira kuti kafukufuku athe.

Mukayitanidwa inuyo

Wina akakuuzani pakamwa kuti "zachokera kumwamba, chotsani pepala ilo" kapena "mukakafunsidwa mukanene zakuti", yankhani mwaulemu kuti: "Bwana, ndilembereni kuti ndikhale ndi poyambira." Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, chifukwa wotuma zoipa sakonda kusayina. Akaumirira, lembani nokha memo yofotokoza zimene mwauzidwa, ikani deti, perekani kwa mkulu wanu kapena kwa mlembi wamkulu wa Pulezidenti ndi nduna, ndipo loya wanu adziwe. Zikafika poti kukhalabe pa ntchito kukutanthauza kunama, lembani kalata yosiya.

Tsiku lopita ku ACB, pitani ndi loya, idyani kaye chifukwa mafunso amatha kutenga tsiku lonse, ndipo nyamulani mankhwala anu ngati muli ndi BP kapena shuga. Musakumane ndi anzanu usiku wake kuti "mukumbutsane". Chimene simukukumbukira nenani kuti simukukumbukira, musalote madeti kapena ndalama. Sitetimenti yanu iwerengeni mzere ndi mzere musanasayine, konzetsani pamene alemba zimene simunanene, sayinani tsamba lililonse, ndipo loya wanu apemphe kope lake.