Momwe mungasankhire makatuni oyenera mwana wanu

Makolo ambiri akangoona zithunzi zojambulidwa zikudumphadumpha pa kanema amati ndi za ana, n'kupita kukagwira ntchito zina mtima uli m'malo. Koma si katuni iliyonse yomwe inapangidwira ana. South Park, yomwe inayamba mu 1997, ndi katuni ndithu, komatu ndi ya akuluakulu okhaokha: muli kutukwana, zolaula ndi kuphana. Ntchito yosankha ndi ya inu kholo, ndipo imayenda motere.

Yambani ndi msinkhu wa mwana. Malangizo a 2019 a bungwe la zaumoyo la WHO amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Ngati wanu sanakwane zaka 2, musavutike n'kumufunira katuni yabwino.

Chachiwiri, yang'anani chizindikiro cha msinkhu. Makatuni ambiri ochokera ku America amaonetsa zilembo pangodya pulogalamu ikamayamba. TV-Y ndi ya ana onse, ngakhale aang'ono. TV-Y7 ndi ya zaka 7 kupita m'mwamba, ndipo akaonjezerapo FV ndiye kuti muli ndewu zongopeka zochuluka. TV-PG imafuna kholo likhale pafupi, pomwe TV-14 ndi TV-MA si za ana. Dziwani kuti zilembozi amaika okha eni pulogalamu kapena wailesi yoionetsa. Zimakuthandizani kutaya zosayenera, koma sizikuuzani ngati zotsalazo zili ndi phindu.

Chachitatu, chomwe makolo ambiri amachizemba, onerani nokha magawo awiri kapena atatu mwana asanaone. Musadalire gawo loyamba lokha, tenganinso lina la pakati. Makatuni ambiri a ana aang'ono amakhala ndi magawo a mphindi 7 mpaka 11, choncho theka la ola likukwanirani.

Mukamaonera, werengani kuti nkhani ikuchoka pamalo ena kupita pena kangati pa mphindi imodzi. Mu 2011, ofufuza a pa yunivesite ya Virginia anagawa ana 60 a zaka 4 m'magulu atatu. Ena anaonera katuni yothamanga kwa mphindi 9, ena katuni yodekha, ena anangojambula zithunzi. Atangomaliza anawapatsa timayeso tofuna kudikira, kukumbukira ndi kutsatira malangizo, ndipo omwe anaonera yothamanga ija ndi amene anachita moipa. Kafukufukuyu anayeza za nthawi yomweyo basi, komabe chifukwa chake n'chomveka: ubongo wa mwana wamng'ono umatopa ndi kuthamangitsa zinthu zomwe sunathe kuzimvetsa. Kwa mwana wosakwana zaka 6, sankhani katuni yomwe anthu ake amalankhula momveka, amapumira, ndipo nkhani yake ndi imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Yang'ananinso momwe khalidwe loipa likuonetsedwera. Pali makatuni omwe amathera pa phunziro labwino, koma mphindi zisanu ndi zinayi zapita ndi kunyozana, kupepesana n'kungotenga mphindi imodzi. Mwana wa zaka 4 sanafike polumikiza mapeto ndi chiyambi. Chomwe chimamukhala m'mutu ndi chomwe waona nthawi yaitali, ndipo mawa mudzamva mawu onyoza aja akuuza mnzake. Funsani: amene akumenya kapena kunama akuonetsedwa ngati dolo woseketsa? Womenyedwayo akumva ululu, kapena akungodzuka ngati palibe chachitika?

Kuwala kothwanimathwanima nakonso musakuderere. Mu Disembala 1997, gawo lina la katuni ya Pokémon linachititsa kuti ana mazanamazana athamangitsiridwe kuchipatala ku Japan chifukwa cha kuwala kofiira ndi kwa buluu kosinthana mofulumira. Ngati mwana wanu ali ndi khunyu, funsani adokotala ake za zoonera.

Ndiye pali malonda. Ana osakwana zaka 8 kawirikawiri sazindikira kuti wotsatsa malonda akufuna kuwagulitsa chinthu. Katuni yomwe gawo lililonse imabweretsa chidole chatsopano, yomwe nkhani yake ndi yongokometsera chidolecho, isiyeni.

Chachinayi, tsekani zipata. Pa YouTube pali makanema abodza ogwiritsa ntchito nkhope za makatuni otchuka pochita zankhanza kapena zolaula. Nkhaniyi inaphulika mu 2017, ndipo ena mwa makanemawo anapezeka ngakhale pa YouTube Kids. Choncho musangokhulupirira nkhope yodziwika, onani dzina la tchanelo ngati lilidi la eni ake. Pa YouTube Kids sankhani kuti mwana aziona zokhazo zomwe mwavomereza inu, ndipo zimitsani posakira. Pa Netflix mutsegulireni mbali ya ana, yanu muiikire nambala yachinsinsi. Kulikonse, zimitsani autoplay (yomwe imayambitsa yokha gawo lotsatira), chifukwa ndi yomwe imasandutsa gawo limodzi kukhala asanu.

Chomaliza, muyang'anitsitseni mwanayo kwa sabata imodzi. Khalani naye poonera magawo oyamba ndipo mukatha mufunseni kuti chinachitika n'chiyani, nanga uja analira chifukwa chiyani. Akatha kufotokoza, katuniyo ndi ya msinkhu wake. Akamangoti kakasi, yamukulira. Akayamba kuopa mdima, kulota zoopsa, kumenya abale ake motengera zomwe waona, kapena kulusa kwambiri nthawi zonse mukazimitsa, ichotseni ngakhale ikhale ndi chizindikiro cha TV-Y.

Gwirizanani chiwerengero cha magawo musanayatse, ndipo muzizimitsa gawo likatha, osati pakati, pakuti mwana wodulidwa nkhani pakati ndi amene amalira kwambiri. Likatsala ola limodzi kuti akagone, kanema akhale atazima.