Bambo akamati popanda nyama sanadye: ndiwo zamadzulo zomanga thupi zochokera m'munda mwathu

Titamaliza chionetsero cha kaphikidwe ndi gulu la amayi kufupi ndi Lizulu, mayi wina anatsalira pamene anzake ankatsuka miphika. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alangizi, zonsezi ndazimva, koma kwathu sizikatheka. Bambo akunyumba akavundukula mbale n'kupeza nyemba, amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Amati Mngoni sagonera nyemba." Mayiyo ndi mwana wake wamkulu anasiya kudya nyama, ndipo kutereka miphika iwiri ya ndiwo madzulo aliwonse kwamutopetsa. Nkhuni nazo zikusowa.

Dandaulo limeneli ndimalimva kuyambira ku Tsangano mpaka ku Bembeke, ndipo abambowo sindiwaweruza. Kuno kwathu nyama ndi ulemu, mlendo timamugwirira nkhuku. Komanso ambiri mwa abambo amenewa anadya nyemba zofumbwa, zowiritsa ndi madzi ndi mchere basi, zaka zinayi zathunthu kusukulu yogonera konko. Akamakana nyemba lero, akukana nyemba zimenezo. Wankhuli amafuna zinthu zitatu m'mbale: fungo la chokazinga, msuzi wogwira wosunsira nsima, ndi kanthu koti mano atafune. Zitatuzi mungazipeze popanda kupita kwa ogulitsa nyama.

Tiyambe ndi funso limene abambo amafunsa, lakuti kodi mphamvu zichokera kuti. Munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Bambo wolemera makilogalamu 65 akufunika magalamu 52 kapena kuposerapo pang'ono ngati akugwira ntchito yakalavulagaga. Magalamu 100 a nyama ya ng'ombe yaiwisi amakhala ndi magalamu pafupifupi 20 a zomanga thupi. Nyemba zouma zolemera chimodzimodzi zili ndi 21 kapena 22, mtedza 25, soya 36, ndipo soya pisesi wouma amafika cha m'ma 50. Dzira limodzi lili ndi 6.

Apa pali msampha umene ambiri amagwamo. Nyemba zikapsa zimamwa madzi n'kufufuma kuposa kawiri, choncho magalamu 100 a nyemba zophika amatsala ndi magalamu 8 kapena 9 okha. Tikamapakula nyemba ngati mmene timagawira nthuli za nyama, kasupuni kamodzi pambali pa phiri la nsima, munthu amadzukadi ndi njala ndipo akamadandaula sakunama. Banja la anthu asanu liphike theka la kilogalamu ya nyemba zouma pa chakudya chimodzi, aliyense alandire kapu yodzaza. Nsima nayo imathandizapo, makamaka ya mgaiwa. Zomanga thupi za m'chimanga zimaperewera mbali imene nyemba zili nayo yambiri, ndipo nyemba zimaperewera mbali imene chimanga chili nayo, moti zikakumana m'mimba zimakwanirana. N'chifukwa chake phala la Likuni limasakaniza chimanga ndi soya.

Usiku woyamba musayambe ndi nyemba ayi. Yambani ndi soya pisesi, koma muphike mosamala, chifukwa ambiri amamuwononga pomuthira m'madzi a tomato akadali wofewa, n'kutuluka ngati siponji. Mvikeni m'madzi otentha kwa mphindi 10, kenaka mufinyeni ndi manja mwamphamvu mpaka madzi aleke kudontha. Mafuta atenthe kaye mumphika, ndiye muikemo soyayo yekha, osati pamodzi ndi anyezi. Musamutembenuze pafupipafupi. Mulekeni agwire pansi pang'ono mpaka m'mphepete mwake mufiirire ngati nyama yambuzi ya pachiwaya. Mukatero ndiye muthire anyezi, adyo, tomato wakupsa bwino ndi kambuzi mmodzi, madzi pang'ono pomaliza. Fungo limene limatuluka pamenepa limafika pakhonde. Ngati m'paketimo muli zokometsera, lawani kaye musanathire mchere.

Nyemba zibwere tsiku lina, ndipo zikhale zatsopano, za Napilira, Kholophethe kapena NUA 45, imene ili ndi ayironi wochuluka wothandiza magazi. Zivikeni usiku wonse, tayani madziwo, muphike ndi ena. Kuvikako kumapulumutsa nkhuni komanso kumachepetsa mpweya wam'mimba umene abambo ambiri amachita nawo manyazi kuutchula. Ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira, kenaka moto ukhale wapakatikati. Chinsinsi chili pa anyezi. Mukazingeni payekha, wambiri, mpaka ade bwino koma osapserera, muthiremo tomato aphwanyike mpaka mafuta ayandame pamwamba. Tungani chipande chimodzi cha nyemba zakupsa, muzinyenye ndi mthiko n'kuzibwezera mumphika kuti msuzi ugwire. Mukaponyamo mbatatesi ziwiri zitatu za ku Tsangano zoduladula, mbale ija imaoneka yodzaza ndipo mano amapeza chogwira.

Chipere tachiiwala, ndipo zimandipweteka mtima. Agogo athu ankavika nyemba kapena nandolo, n'kusupula makoko, n'kuphika mpaka zisanduke phala lolimba losalala. N'chofewa m'mimba, ana aang'ono ndi okalamba amachidya bwino, ndipo chikatsiridwa anyezi wokazinga pamwamba sichifanana n'komwe ndi nyemba za kusukulu zija. Kusupulako n'kotopetsa, choncho chiphikeni tsiku limene ana ali pakhomo kuti akuthandizeni. Khobwe ndi nzama nazo ziloweko m'sabatamo kuti ndiwo zisamabwerezeke.

Ngati m'banjamo mumadya mazira, muli ndi ndiwo imene wankhuli sakana kawirikawiri. Wiritsani awiri pa munthu aliyense, sendani, muwakazinge athunthu m'mafuta mpaka kunja kuchite matuza ofiirira, kenaka muwaike mu msuzi wa tomato ndi nsawawa. Mazira awiri ali ndi magalamu 12 a zomanga thupi, nsawawa ndi nsima zikuwonjezerapo.

Masamba otendera ndi ndiwo yathu yakale, koma nsinjiro timathira ngati tikuwaza mchere. Pa mphika wa nkhwani, khwanya kapena mfutso wa chitambe wodyetsa anthu asanu, thirani kapu yodzaza ya nsinjiro, iphikike mpaka fungo la uwisi lithe. Soda chepetsani kapena msiyeni, amapha mavitamini a m'masamba. Mtedza wosinja muusankhe bwino, wachuku, wofota ndi wowawa mutaye ndithu, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo satha ndi moto. Komabe masamba otendera paokha sakwanira kulowa m'malo mwa nyama, akhale ndiwo yachiwiri pambali pa nyemba kapena mazira. Chimodzimodzi bowa amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu wa M1 nthawi yamvula: amakoma ngati nyama, amatafunika bwino, koma zomanga thupi ali nazo zochepa. Mutendereni kapena mumusakanize ndi soya pisesi, ndipo musagule kapena kuzula bowa amene simukumudziwa.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti alimi a ku Linthipe ndi madera ena amalima soya wambiri, amagulitsa yense kwa mavenda, kenaka n'kumagula soya yemweyo m'timapaketi kugolosale. Sungani ndowa imodzi kapena ziwiri za pakhomo. Soya wosaphika ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya zomanga thupi, ndipo zimatha ndi moto. Mupeteni n'kumusankha ali wouma, musamutsuke ndi madzi ozizira, chifukwa akanyowa asanapse ndi pamene amatulutsa fungo lija anthu amadana nalo. Madzi awire kaye, ndiye muzithira soyayo pang'onopang'ono kuti kuwirako kusaleke, aphikike mphindi 30. Mukatsanula, mufikiseni m'manja makoko achoke, muyanike padzuwa aume gwa, mukagayitse. Ufa umenewu mungausakanize ndi nsinjiro potendera, kapena kukanda kapu imodzi ndi mbatatesi zophika zonyenya, dzira limodzi, anyezi ndi mchere, n'kuumba timibulu tokazinga toika mu msuzi. Ana amatilimbirana.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingabise. Vitamini B12 sapezeka mu nyemba, soya kapena masamba, amapezeka mu zakudya zochokera ku ziweto. Amene wasiya nyama ndi nsomba azidya mazira, mkaka kapena chambiko kawirikawiri, ndipo amene wasiya zonsezi, makamaka mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, akafunse kuchipatala za mapiritsi ake. Chachiwiri, ayironi wa mu nyemba salowa m'thupi msanga ngati wa mu nyama. Tomato, ndimu, bwemba kapena gwafa pa chakudya chomwecho zimamuthandiza kulowa, pamene tiyi amamutsekereza. Tiyi adikire ola limodzi mukatha kudya.

Amayi, musawanamize bambo kuti soya ndi nyama. Akazindikira, sadzakhulupiriranso mphika wanu. Musawawerengerenso manambala ndalembawa pa nthawi ya chakudya, munthu wanjala samva phunziro. Kambiranani masana kuti masiku awiri pa sabata ndiwo zikhala zopanda nyama, ndipo tsiku lawo la nyama, kaya Lamulungu, likhalepobe. Tsiku limenelo kazingani msuzi umodzi wa anyezi ndi tomato, muugawe pawiri, kwina nyama kwina soya, moto ndi umodzi womwewo. Ndiwo zawo muwapakulire m'mbale yomwe mumawaikira nkhuku, zotentha, zodzaza. Inunso abambo, lawani kaye musanakankhe mbale, ndipo ngati china chaperewera nenani kuti ndi mchere, tsabola kapena msuzi, kuti wophikayo adziwe pokonza.

Zonsezi zimayambira pa kasungidwe. Nyemba zimene anankafumbwe alowamo sizikoma ngakhale muthire anyezi wochuluka bwanji, ndipo zogonera chaka zimalimba osafuna kupsa. Mukakolola, ziumitseni mpaka zizilira mukaziluma, muzipete, muzisunge m'matumba a PICS osalowa mpweya kapena m'chigubu chotseka bwino, pamalo ouma osagunda pansi. Patulani thumba la pakhomo musanaitane ogula, ndipo mukatapamo za sabata imeneyo mangani msanga kukamwa kwake.