Mukaletsedwa kuvota ku America chifukwa cha khungu kapena chilankhulo: malamulo ndi zoyenera kuchita

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Voting Rights Act, limene Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasainira pa 6 Ogasiti 1965, patangopita miyezi isanu apolisi atamenya anthu ochita zionetsero pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, m'chigawo cha Alabama. Kwa zaka pafupifupi 50, zigawo zimene zinali ndi mbiri ya tsankho zinkayenera kupempha kaye chilolezo ku boma lalikulu ku Washington zisanasinthe chilichonse chokhudza chisankho, ngakhale kungosamutsa malo ovotera. Mu 2013, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, Khoti Lalikulu linathetsa ndondomeko imene inkatchula zigawo zoyenera kupempha chilolezozo. Kuyambira pamenepo, lamulo loipa limayamba kugwira ntchito kaye, kenako wovota ndiye adandaule. Wodandaula wopanda umboni, kapena wobwera mochedwa, amabwerera chimanjamanja.

Mawu amodzi tisanapite patali: ufulu wovota pa chisankho cha dziko lonse ndi wa nzika za America zokha. Munthu wa green card (chiphaso chomulola kukhazikika m'dzikomo asanakhale nzika) akalembetsa kapena kuvota amapalamula mlandu umene ungamuthamangitsitse m'dzikomo, ngakhale atanena kuti anauzidwa zolakwika pa ofesi.

Kaundula: yambani kudakali miyezi itatu

Anthu ambiri amataya voti tsiku lachisankho lisanafike, dzina likafufutidwa m'kaundula iwo osadziwa. Lamulo la National Voter Registration Act la 1993 limaletsa kuchotsa munthu chifukwa chongoti sanavote. Ngati akuluakulu a chisankho akuganiza kuti munasamuka, ayenera kukutumizirani kalata ndi kudikira zisankho zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse asanakufufuteni. Ntchito yochotsa mayina ambiri nthawi imodzi iyenera kutha kudakali masiku 90 chisankho chisanachitike.

Fufuzani dzina lanu pa intaneti kapena ku ofesi ya chisankho ya county yanu (boma laling'ono la m'chigawo chanu) masiku 90 amenewo akangoyamba, ndipo jambulani zimene mwapeza. Mukapeza kuti mulibe, nthawi yolembetsanso ikadalipo, chifukwa lamulo lomweli sililola kutseka kalembera kudakali masiku oposa 30. Kalata yochokera ku ofesi ya chisankho musaiponye m'bini limodzi ndi mapepala a malonda. Mu 2018, pa mlandu wa Husted, Khoti Lalikulu linavomereza njira ya ku Ohio yochotsa anthu amene sanayankhe kalata yotereyi kenako osavota kwa zaka zinayi.

Wofuna kukasuma pa lamulo la 1993 lija amayamba walembera mkulu wa chisankho wa chigawo chake ndi kumupatsa masiku 90 okonza cholakwikacho. Masikuwo amatsika kufika pa 20 ngati cholakwikacho chachitika mkati mwa masiku 120 chisankho chisanafike, ndipo chikachitika m'masiku 30 omaliza, kalata siifunika. Kudumpha kalatayi kungagwetse mlandu woweruza asanamve n'komwe nkhani yake.

Pa malo ovotera

Akakuuzani kuti dzina lanu silikupezeka, musatuluke. Pemphani wogwira ntchito afufuze ngati mwalembedwa pa malo ena. Ichi n'chofunika kuposa mmene chimaonekera, pakuti zigawo zina zimataya voti yonse yoponyedwa pa malo olakwika, ndipo mu 2021, pa mlandu wa Brnovich, Khoti Lalikulu linanena kuti lamulo lotere la ku Arizona silitsutsana ndi Voting Rights Act. Ngati malo anu enieni ndi ena ndipo nthawi ikulola, pitani kumeneko.

Zikakanika, lamulo la Help America Vote Act la 2002 limakupatsani pepala lotchedwa provisional ballot. Mumasaina kuti ndinu wolembetsedwa ndi woyenera kuvota, mumavota, ndipo pepalalo limasungidwa padera mpaka atatsimikiza. Ayeneranso kukupatsani malangizo olembedwa a mmene mungadziwire, kwaulere, ngati voti yanu yawerengedwa, ndi chifukwa chake ngati yakanidwa. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, osadziwa kuti ayenera kukaonetsa chiphaso ku ofesi m'masiku owerengeka. Masikuwo amasiyana chigawo ndi chigawo, choncho funsani pomwepo tsiku lomaliza ndi ofesi yake, mulembe.

Palibe amene ali ndi mphamvu yokuyesani kuwerenga kapena kulankhula Chingelezi kuti muvote. Mayeso otere analetsedwa m'dziko lonse mu 1970, ndipo mu 1975 chiletsocho chinakhala chamuyaya.

Nkhani ya chilankhulo ili ndi mbali ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Gawo 203 la Voting Rights Act limakakamiza dera kusindikiza mapepala ovotera ndi malangizo m'chilankhulo china ngati nzika za msinkhu wovota za chilankhulocho, zosadziwa bwino Chingelezi, zikuposa 10,000 kapena 5 pa 100 alionse, komanso ngati osaphunzira pakati pawo ali ambiri poyerekeza ndi dziko lonse. Koma gawoli limakhudza Chisipanishi, zilankhulo za ku Asia, ndi za eni nthaka a ku America ndi ku Alaska basi. Zilankhulo za ku Africa, Chiarabu ndi Chikiliyo cha ku Haiti mulibe.

Olankhula zilankhulo zimenezi amadalira Gawo 208. Limati munthu wosaona, wolumala kapena amene sangathe kuwerenga ndi kulemba angathe kubwera ndi womuthandiza wodzisankhira yekha. Oletsedwa ndi bwana wa kuntchito kwake, nthumwi ya bwanayo, ndi mkulu kapena nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito limene iye ali membala. Mu 2017 khoti la apilo linakana lamulo la ku Texas limene linkafuna kuti womasulira akhale wovota wolembetsedwa mu county yomweyo. Mwana wanu kapena mnansi angathe kukhala womasulira. Zigawo zina zimafuna kuti wothandizayo asaine lumbiro, ndiye mukonzekere zimenezo.

Kuopseza kuli ndi gawo lakelake, 11(b), ndipo n'lamphamvu chifukwa simufunika kusonyeza kuti woopsezayo anali ndi mtima wa tsankho. Likhoza kugwira munthu wamba ngati mmene lingagwirire wa boma: wotsatira ovota mpaka pa galimoto, wojambula manambala a magalimoto awo, wofalitsa bodza loti apolisi akagwira anthu a ngongole pa mzere. Musakangane naye. Uzani mkulu wa malo ovoterawo, ndipo votani.

Zolemba zanu ndiye mlandu wanu

Musanachoke pabwalopo, lembani nthawi imene munafika ndi imene munachoka, dzina la malowo, udindo wa amene anakubwezani, ndi mawu ake enieni monga anatulukira. "Anandinyoza" sathandiza loya. "Anandifunsa kumene ndinabadwira, koma azungu atatu amene anali patsogolo panga sanawafunse" ndi umboni. Tengani manambala a foni a anthu awiri amene anaona. Zithunzi jambulani panja, chifukwa zigawo zambiri zimaletsa kujambula mkati.

Kenako imbani 866-OUR-VOTE, nambala ya mgwirizano wa Election Protection umene umatsogoleredwa ndi Lawyers' Committee for Civil Rights Under Law, ndipo perekaninso dandaulo ku nthambi ya Civil Rights Division ya unduna wa zachilungamo. Akuluakulu a chisankho amakakamizidwa kusunga mapepala a chisankho cha dziko lonse kwa miyezi 22, kotero pempho lofuna kuona zolembedwazo lisachedwe.

Vuto likakhala la mudzi wonse

Tsankho lina silioneka pa khomo la malo ovotera. Limabisala m'malire a madera osankhira aphungu, pamene anthu a mtundu umodzi agawidwa tizidutswa kuti asapambane paliponse, kapena aunjikidwa m'dera limodzi. Apa pamagwira Gawo 2 la Voting Rights Act, limene linakonzedwa mu 1982 kuti liziyang'ana zotsatira za lamulo. Pa mlandu wa Thornburg v. Gingles mu 1986, khoti linaika zinthu zitatu zoti odandaula asonyeze: kuti gululo ndi lalikulu ndiponso limakhala moyandikana moti lingakhale ochuluka m'dera limodzi, kuti limavota mogwirizana, ndi kuti ochuluka enawo amavotera pamodzi n'kugwetsa amene gululo likufuna. Chigamulo cha 2009 chinaonjeza kuti gululo lipose theka la anthu a msinkhu wovota m'dera lomwe likufunsidwalo. Ndi njira imeneyi imene ovota akuda a ku Alabama anapambanira mlandu wa Allen v. Milligan mu 2023: anali pafupifupi 27 pa 100 alionse, koma ochuluka m'dera limodzi lokha mwa 7.

Milandu yotereyi si ya munthu mmodzi. Imafuna akatswiri ojambula mapu ndi owerengera mavoti a zisankho zingapo, ndipo imatenga zaka. Makhoti amasinthanso kamasuliridwe ka gawoli pafupipafupi, choncho loya ayambe ndi zigamulo zaposachedwa, kuphatikizapo mlandu wa Louisiana v. Callais umene Khoti Lalikulu linaumva kawiri mu 2025. Mu 2023 khoti la apilo loyang'anira Arkansas, Missouri, Iowa ndi zigawo zina zinayi linagamula kuti anthu wamba sangasume okha pa Gawo 2. N'chifukwa chake muyenera kuonanso malamulo a chigawo chanu: California, Washington, Virginia, New York, Connecticut ndi Minnesota ali ndi malamulo awoawo oteteza ovota, ndipo milandu yake imapita ku makhoti a chigawo.

Za nthawi, kumbukirani chigamulo cha Purcell cha 2006. Makhoti a boma lalikulu safuna kusintha malamulo a chisankho tsiku lovota litayandikira, ngakhale dandaulo litakhala lomveka. Mapu atsopano akangolengezedwa, kapena malo ovotera a m'dera lanu akangotsekedwa, kaonaneni ndi loya mwezi womwewo.